Bawuti ya Pamwamba

Amene anagulapo usipa wofutsa ku Malindi m'zaka za othawa nkhondo amamukumbukira Esitere. Anali mayi wamfupi, wa mikono yolimba, ndipo amene sanamudziwe chifukwa cha usipa wake anamudziwa chifukwa cha pakamwa pake. Ukamunenerera mtengo ankakuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako n'kukufunsa ngati unathandiza nawo kukoka khoka. Koma nkhanza analibe. Kungoti moyo unamuphunzitsa msanga kuti chinthu ukachiona uchinene pomwepo, chisanamere mizu.

Anabadwira pomwepo, m'banja la asodzi opemphera ku Angilikani. Sukulu ya pamishoni anailekeza panjira, osati chifukwa cha kuuma mutu, koma mayi ake anadwala ndipo nsomba sizidikira kuti mwana alembe mayeso. Anakwatiwa akadali mtsikana ndi mnyamata wina, Jeremiya, woseka bwino, amene anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi atalonjeza wailesi ndi njinga. Anatchona. Palibe anabwera kudzanena kuti wafa, palibenso anabwera kudzanena kuti ali moyo. Esitere anakhala zaka zambiri ali mkazi wa munthu amene kulibe, wosatha kulira maliro, wosathanso kuvomera mwamuna wina. Basi ikaima pamsewu ankasiya chimene akuchita n'kuyang'ana otsika mmodzimmodzi. Pamapeto pake ankhoswe anakhala pansi n'kumumasula, koma ubwana wake unali utapita kale.

Avelino anafika mu 1987, nkhondo ya ku Mozambiki itafika poipa. Kwawo kunali kupitirira Mandimba, kufupi ndi Masangulu, komwe ankayendetsa pikiapu ya mwini sitolo wina amene anathawa kalekale n'kumusiyira galimotoyo m'malo mwa malipiro. Tsiku lina anapita kukatenga mchere, ndipo pobwera anakumana ndi anthu akuthamanga, mitolo pamutu. Mudzi anaupeza uli phulusa. Mnansi wina anamuuza kuti mkazi wake Lusia ndi mwana wawo Zakaria anali m'gulu la amene anaphedwa kumtsinje. Analibe nthawi yofufuza mitembo, chifukwa mfuti zinali zikumvekabe. Ananyamula amene anakwana m'galimoto n'kuwolokera ku Chiponde.

Moyo wa pamsasa wa othawa nkhondo unamukanika. Munthu wa manja ake kuima pamzere kudikira ufa ndi nandolo, galimoto ili pansi pa mtengo ikudyedwa ndi dzimbiri, zinkamudwalitsa kuposa malungo. Anatsika mapiri a Namwera kudzafuna katundu woti azinyamula, ndipo kunyanja katundu sasowa. Woyamba kumukweza matumba a usipa anali Esitere, amene anakangana naye za mtengo mpaka anthu anasonkhana. Avelino sankadziwa kukangana. Ankangomwetulira n'kubwereza mtengo womwewo m'Chichewa chake chosakaniza ndi Chiyao ndi Chipwitikizi. Chaka chisanathe ankhoswe anakhalanso pansi, ndipo mlendo uja anamanga nyumba pamalo a kuchikazi monga mwa mwambo.

Mchimwene wa Esitere, Dyson, msodzi wosasowa chonena, ankati mlongo wake wabweretsa akamwini awiri pamudzi, wina wodya ndiwo, wina womwa petulo. Ankatinso wa petuloyo ndi amene amasamalidwa kwambiri, ndipo apa sankanama. Pikiapuyo inali yakale kuposa ana ambiri amene ankaithamangira. Chitseko china ankachimanga ndi lamba, mpando unali wa ziguduli, koma pansi pa galimotoyo panali paukhondo kuposa m'khichini mwa anthu ena. Ndi imene inkadyetsa banjalo. Inkatenga nsomba za Esitere ndi za amayi anzake kupita nazo ku Boma ndi ku Namwera, pobwera n'kunyamula chimanga ndi mbatata. Inaleranso ana awiri, Rute ndi Simioni.

Ku galaja Avelino sankapitako. Zonse ankakonzera pakhomo, pansi pa mtengo wa mango, ndipo sankafuna amuna pafupi, chifukwa mwamuna aliyense akaona galimoto yotsegulidwa amasanduka makaniko. Womugwirira beseni ndi kumupatsira masipanala anali Esitere. Mwa njira imeneyi mayi wa usipa anadziwa zinthu zimene sanafune n'komwe kuzidziwa. Anadziwa kuti pakati pa matayala akumbuyo pali chitsulo chonga dzungu chotchedwa difu, kuti m'kati mwake muli mano achitsulo amene amazunguza matayalawo, ndi kuti manowo amasambira mu oyilo wolemera, wonunkha ngati dzira lovunda. Oyiloyo akatha kapena akalowa madzi, mano amadyana okhaokha, ndipo galimoto imathera pomwepo.

Difuyo ili ndi mabawuti awiri. Ya pansi ndi yokhetsera oyilo wakale, ya pamwamba, cham'mbali, ndi yothirira watsopano. Avelino sanali munthu wa malamulo ambiri, koma apa anali ndi limodzi, ndipo ankalinena nthawi iliyonse ngati akuphunzitsa kalasi.

"Timayamba ndi ya pamwamba, mayi a Rute. Ikakana ya pamwamba oyilo akadali m'kati, galimoto imayenda, umapita nayo kwa owotcherera. Koma ukakhetsa kaye, kenako ya pamwamba n'kukana, wadzimanga wekha. Galimoto yopanda oyilo siisuntha."

"Ndamva, aphunzitsi," Esitere ankayankha. "Chaka chatha munanenanso zomwezo."

Ulendo womaliza umene anasintha oyiloyo, bawuti ya pamwamba inamuvutitsa kwambiri. Makona ake anali atadyeka, sipanala inkangoterereka, ndipo inamasuka atatuluka thukuta la m'mawa wonse. Poibwezera anapukusa mutu n'kunena kuti ulendo wina imeneyi idzakaniratu, afunika kupeza ina. Sanaipeze. Zinthu zoti tidzachita mawa ndi zimene zimadzaza nyumba zathu.

Kenako nkhondo inatha. Mu 1993 malole anayamba kutenga anthu kuwabwezera kwawo, ndipo misasa inayamba kuchepa anthu. Avelino sanalembetse. Ankati kwawo kulibe amene angamulandire kupatula manda, ndipo ngakhale mandawo sakuwadziwa pamene ali. Esitere mtima unakhala pansi.

Unadzukanso tsiku limene kunabwera Shaibu, wamalonda wa njinga amene anali atayamba kuwoloka malire ndi sopo ndi mchere. Anakhala pakhonde, anamwa madzi, anafunsa za ana, anazungulira uku ndi uku monga amachitira munthu wosenza nkhani yolemera. Kenako anaitula. Lusia ali moyo. Sanaphedwe kumtsinje kuja, anagwidwa ndi asilikali a m'tchire n'kukhala zaka zonsezi akuwasenzera katundu ndi kuwalimira. Wabwerera pabwinja paja pamodzi ndi Zakaria, amene tsopano ndi mnyamata wamtali, ndipo akugona m'chisakasa cha udzu. Lusiayo amafunsa aliyense wochokera ku Malawi ngati anaonako mwamuna wa pikiapu yotuwa.

Avelino anadzuka, anapita pansi pa mango, n'kukhala pansi atatsamira tayala mpaka dzuwa linapendeka. Madzulo ake anauza mkazi wake kuti ayenera kupita akawaone. Sananene kuti akabwera, sananenenso kuti sakabwera, ndipo Esitere, amene sankaopa kufunsa munthu aliyense chilichonse, funso limeneli anaopa kulifunsa.

Nthawi inali yochepa. Unali kumapeto kwa Okutobala, kutentha kwafika poti ngakhale nkhuku zinkayenda kukamwa kuli yasa, ndipo mitambo inali itayamba kuunjikana pamapiri a kum'mawa. Kutsidya kwa malire milatho inagumulidwa pankhondo, galimoto zinkawoloka mitsinje pamchenga. Mvula ikangogwa, njira imatsekeka mpaka Meyi. Amene akufuna kupita anayenera kupita sabata yomweyo.

Alangizi sanachedwe kufika, poti tsoka la mnzako ndi pamene nzeru zimachuluka. Amayi ena kumathandala, kumene amayanika nsomba, anamunong'oneza za sing'anga wa ku Makanjira amene mankhwala ake amaiwalitsa mwamuna ngakhale dzina la mayi ake. Ena anangoti mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ayambe kuzolowera. Dyson anabwera ndi yake nzeru.

"Achemwali, mchenga wadzaza gombe lonseli, waulere. Kadzanja kamodzi m'thanki ya petulo, alamu akhala pompano mpaka Pasaka. Pofika nthawi imeneyo mtima udzakhala utazizira."

"Achimwene, mchengawo mukathire m'bwato mwanu," Esitere anayankha. "Tulukani pakhomo panga musanandichimwitse."

Anamuthamangitsa ndithu, koma mawuwo sanatuluke naye. Anatsala m'nyumba, ndipo usiku Esitere ankawamva akuyendayenda m'mutu mwake. Iye anali atadikirapo kale mwamuna. Ankadziwa kukoma kwake, ndipo sankafuna kulawanso.

Loweruka m'mawa Avelino anati asinthe oyilo wa difu. Dzinja lapitalo galimoto inawoloka madzi kangapo, ndipo sakanaiyika pa ulendo wautali wa njira zoipa asanaone za m'kati. Anaizunguza kaye mpaka kumishoni ndi kubwerera kuti oyilo atenthe, chifukwa wozizira satuluka msanga. Anaiimika pamalo osatsetsereka, anaika miyala kumatayala, anayala chiguduli, n'kulowa pansi chagada. Esitere anabwera ndi beseni lakale n'kugwada pambali, monga mwa nthawi zonse. Maso a mwamunayo anali ofiira. Anali asanagone bwino chibwerere Shaibu, ndipo m'mawa umenewo anali atathira mchere mu tiyi osazindikira.

"Sipanala," iye anatero.

Esitere anamupatsa, n'kukankhira beseni pansi pa difu. Kenako anaona chinthu chimene sanachionepo pa zaka zonse zimene anagwada pamalo amenewo. Dzanja la Avelino linapita pa bawuti ya pansi.

Poyamba anaganiza kuti akungoipukuta. Ayi, anakoleka sipanala, anaigwira ndi manja awiri, n'kuyamba kukoka. Bawuti ya pamwamba inali pomwepo, yofiira ndi dzimbiri, makona ake odyeka, yosakhudzidwa. Thupi la munthuyo linali pansi pa galimoto, koma mutu unali kale kutsidya kwa malire.

Esitere ankadziwa bwino lomwe chimene chichitike. Oyilo atuluka yense, bawuti ya pamwamba ikana monga mwini wake ananenera, ndipo galimoto ikhala pansi pa mango yopanda oyilo. Kuti wowotcherera aifike, pafunika kumasula chitsulo chonse cha kumbuyo ndi kufuna lole yochinyamula kupita nacho ku Boma, ntchito ya masiku ambiri, ndipo mitambo ija siidikira munthu. Sipakanafunika mchenga, sipakanafunika sing'anga. Iye akanangokhala chete atagwira beseni, monga mkazi wabwino. Ndani akanamuloza chala? Kulakwa kukanakhala kwa mwamunayo, ndi manja ake omwe, ndipo ngakhale pamaso pa Mulungu akanatha kunena kuti sanachite kanthu. Rute ndi Simioni akanakhala ndi bambo wawo dzinja lonse.

Anaufuna mwayi umenewo, tisabise. Anaufuna ndi mtima wake wonse.

Koma anaonanso miyezi imene ikubwerayo. Anaona mwamuna wokhala pakhonde mvula ikugwa, maso ali kumapiri, akudzitukwana chifukwa cha bawuti, iye n'kumamupatsa chakudya akudziwa chimene akudziwa. Anaonanso mayi wina amene sanamuonepo nkhope, ataima m'mphepete mwa njira, akufunsa wa njinga aliyense. Esitere sanafunike kumufotokozera kuti mayi ameneyo ali bwanji m'mimba mwake.

Bawuti inalira n'kutembenuka. Dontho loyamba linatsetsereka pa chala cha Avelino.

"Bambo a Rute."

"Mm?"

"Mwayamba ndi ya pansi."

Dzanja linaima. Kenako Avelino anabweza bawutiyo, anaimanga, anapukuta chala pa chiguduli, n'kusamutsira sipanala pa ya pamwamba. Inaterereka. Anathira palafini, anadikira, anayesanso. Anatenga hamala ndi tchizulo, anagogoda m'mbali mpaka chitsulo chinayamba kunyotsoka. Anakoleka payipi ku sipanala kuti mphamvu ichuluke, anakoka mpaka mitsempha ya m'khosi inaima. Bawutiyo sinasunthe ngakhale pang'ono.

Anatuluka, anakhala pansi, mchenga uli m'tsitsi. Anamuyang'ana mkazi wake nthawi yaitali.

"Mukanakhala chete, galimotoyi ikanagona pano mpaka mvula."

"Ndikudziwa."

"Munaona kuti inavuta kale ulendo watha."

"Ndinaona. Beseni ndinagwira ndine."

"Nanga mwaneneranji?"

Esitere anakhuthula mchenga umene unalowa m'beseni. Mawu ake anatuluka okalipa, chifukwa akanatuluka ofewa akanalira.

"Ine sindikufuna mwamuna wokhala pano chifukwa bawuti yakana. Mukakhala, mukhale inuyo. Dzukani, wowotcherera amatseka masana Loweruka."

Avelino anapita nayo ku Boma, oyilo wakale akadali m'kati. Kumeneko anawotcherera nati, kachitsulo koti sipanala igwirepo, pamwamba pa bawuti yodyekayo, ndipo ndi kutentha kwa motowo bawutiyo inamasuka ngati sinavutepo. Anabwera dzuwa litapendeka, n'kulowanso pansi, ndipo ulendo uno anachita zonse mwa dongosolo lake. Anachotsa ya pamwamba n'kuiika pa tsamba. Anamasula ya pansi, oyilo n'kukhuthukira m'beseni. Sanali wakuda monga amayenera kukhalira, anali wotuwa ngati phala la mapira, umboni wakuti madzi analowadi. Kunsonga kwa bawuti ya pansi kuli maginito, ndipo kunali kutamatirira tizitsulo tosalala ngati ubweya. Avelino anatifikisa pakati pa zala kufuna kumva ngati muli tizidutswa tolimba. Munalibe.

"Ifika," anatero, osayang'ana mkazi wake.

Anadikira mpaka dontho lomaliza, anatsuka bawuti ndi palafini, n'kuibwezera. Kuthira kunali kwa anthu awiri, chifukwa bowo lili pobisika ndipo chigubu sichifikapo. Avelino analowetsa kapayipi m'bowo, Esitere anaimirira pambali pa tayala atanyamula m'mwamba botolo lodula kunsi, n'kumathira pang'onopang'ono. Oyilo wa difu ndi waulesi, amatsika ngati uchi wa m'mwezi wozizira, ndipo mkono wa Esitere unachita dzanzi. Anathira mpaka Avelino anati basi, oyilo atayamba kubwerera pakamwa pa bowo, poti muyezo wake ndi umenewo. Anapisa chala kuti atsimikize, anamanga bawuti, n'kupukuta difu yonse kuti ngati pali podontha padzaoneke.

Lolemba m'mawa Esitere anakweza m'galimoto thumba la ufa, mchere, zitenje ziwiri zatsopano, ndi thumba lalikulu la usipa umene anasankha yekha.

"Usipawu mukawapatse mayi a Zakaria," anatero. "Mukawauze kuti wachokera kwa ine. Musakaname kuti mwagula panjira."

"Ndikawauza."

"Ndipo muziyenda m'mapazi a galimoto zinzanu. Akuti mabomba okwirira akadalimo m'mbali mwa njira."

Avelino ananyamula ana mmodzimmodzi, anagwira dzanja la mkazi wake ndi manja onse awiri, ndipo anaoneka ngati akufuna kunena kanthu. Esitere anamuuza kuti dzuwa likukwera. Sanafune lonjezo, chifukwa anali atalandirapo lina m'moyo wake. Mvula yoyamba inagwa sabata yomweyo, yamphamvu, yokokolola milatho ya mitengo.

Dzinja limenelo linali lalitali. Nsomba ankazikweza pa malole a eni ake, amene ankabwera tsiku limene afuna ndi kulipiritsa mmene afunira, ndipo kangapo usipa unachita nkhungu ukudikira pamsewu. Dyson atamva za bawuti ija, poti pamudzi palibe chobisika, anagwira pakamwa.

"Achemwali, Mulungu anakupatsani nsomba m'manja, inu n'kuibwezera m'madzi!"

Esitere sanamuyankhe, ndipo anthu anadziwa kuti zamukhudza, chifukwa sichinali chikhalidwe chake kusiya mawu a Dyson ali chiimire. Masiku ena ankaona kuti anachita bwino. Masiku ena, makamaka Simioni akadwala kapena Rute akafunsa kuti ababa abwera liti, ankadzitcha chitsiru cha ku Malindi konse. Anadzipezanso akuchita chimene analumbira kuti sadzachitanso. Injini ikamveka kumsewu manja ankaima okha, khutu n'kutsatira mpaka phokoso litazimirira.

Mvula inatha, mitsinje inaphwa, Meyi anadutsa. Mwera unayamba kuwomba. Shaibu anabwera n'kunena kuti anaiona pikiapu ija ikunyamula chimanga cha ku Mandimba, ndipo amayi akumathandala anasiya kumufunsa Esitere za mwamuna wake, kumene kuli kuipa kuposa kufunsa.

Masana ena mu Juni anali akutembenuza usipa pathandala, atafulatira njira. Kumsewu kunali zii. Anangomva munthu akuti odi kumbuyo kwake, ndipo anayankha osatembenuka kuti wa lero sunaume, abwere mawa.

"Mayi a Rute."

Anali Avelino, wapansi. Anali ataonda, nsapato imodzi yomanga ndi luzi, kathumba kakang'ono paphewa. Esitere anamuyang'ana, kenako anayang'ana kumbuyo kwake, kunjira, kumene kunalibe chilichonse.

"Galimoto ili kuti? Yafera panjira?"

"Ili bwino. Ndawasiyira."

Anakhala pansi pa mthunzi wa thandala n'kufotokoza mwachidule, monga mwa kalankhulidwe kake. Anawapeza. Anawamangira nyumba ya zidina, analima nawo munda, anakolola. Dzinja lonse anaphunzitsa Zakaria kuyendetsa ndi kukonza, ndipo mnyamatayo ali ndi manja abwino. Kumeneko galimoto ndi zochepa, katundu ndi wambiri, sadzagona ndi njala.

"Pawiripawiri sipauzirika, mayi a Rute. Sindikanatha kudzing'amba pakati. Chimene ndikanatha kusiya ndasiya."

Esitere anatsegula pakamwa. Galimoto imeneyo inali ya pakhomo panonso, ndipo iye anali ataigwirira beseni zaka zonsezi, anali ndi mawu okwana dengu oti anene. Koma anawameza. Anaona kuti katundu wagawidwa kale, ndipo mbali imene yamugwera iye ndi iyi yakhala pamchengayi, ya nsapato yong'ambika.

"Mayi a Zakaria anati chiyani?" anafunsa motsitsa mawu.

"Usipa analandira, anati ndikuthokozeni." Avelino anakumba mchenga ndi chala. "Nditawauza za Rute ndi Simioni sanalankhule masiku awiri. Kenako anati ndibwerere ana asanaiwale nkhope yanga. Zakaria tsiku loyamba anandipatsa moni ngati mlendo, ndipo iwo anaona."

"Analira?"

"Pamaso panga ayi."

Ana anali atamuona kale bambo wawo, ndipo ankabwera chothamanga, akukuwa. Dyson nayenso anatulukira kuchokera kugombe, pakamwa pali pululu, kwa nthawi yoyamba wopanda chonena. Esitere anawasiya onse pamenepo, anati akaike madzi osamba. Anasenza ndowa kupita nayo kubafa, kuseri kwa mpanda wa udzu, anaitula pamwala, n'kukhala pansi pambali pake. Ankayembekeza kuti alira ndi chimwemwe, ndipo chimwemwecho chinalipo ndithu. Koma misozi imene inabwera inali ya mayi wa kutsidya uja, amene anapirira zaka zonse za m'tchire akuyembekeza mwamuna wake, n'kumuona dzinja limodzi, kenako n'kumuperekeza yekha mpaka panjira ndi maso ouma. Esitere anamulirira mpaka chifuwa chinapepuka.

Atatha anasukusula kumaso ndi madzi a m'ndowa momwemo, anamanga bwino chitenje, n'kuitana kuti madzi akuzizira.